Loweruka la Oyilo

Ndayala thumba la feteleza pansi pa mkuyu,
pomwe ngalande yathu imayambira, m'mbali mwa Bua.
Injini ndaizimitsa ikadali yofunda:
oyilo akazizira amachita ulesi,
amakana kutuluka ngati mwana m'bulangete mwezi wa Juni.

Sipanala ya teni, ya thwelofu,
chomasulira pulagi chobwereka kwa a Mkwezalamba,
beseni long'aluka m'milomo, nsanza ya chitenje,
mswachi umene unapuma pa ntchito ya mano.
Zida zanga ndi zomwezi.

Chaka chatha tinadikira a Zakeyu a pa Kamwendo.
Masiku anayi. Foni yawo inkangoti, "Ndili m'njira,"
uku anyezi akuweramitsa mitu m'mabedi.
Atafika anamasula, anapukuta, anamanga,
thukuta lisanafike n'komwe pachibwano,
natchula mtengo wa kambuzi,
petulo wa njinga yawo payekha.
Ine ndinali nditawagwirira ambulera.
Ankayesa ndikuwatchingira dzuwa,
chonsecho maso anga anali pa zala zawo.

Bawuti wapansi amayamba wakana.
Ndimamunyengerera, kenako ndimenya sipanala ndi chikhatho,
iye n'kulira kamodzi, n'kugonja.
Oyilo uyo, bii!
Ndimamufikisa pakati pa zala
kumva ngati muli mchenga
kapena tizitsulo tonyezimira,
poti timeneto ndiye uthenga wa maliro.
Lero mulibe.
Wakaleyu sinditaya mumtsinje;
ndikapaka nsichi za khola, chiswe chikagone ndi njala.

Pulagi watuluka ndi chipewa cha mwaye.
Mswachi, kadontho ka petulo, kupemerera fuu,
kampata kake ndayeza ndi chikhadabo.
Sefa ya mpweya yamwa fumbi lonse la Okutobala;
ndaichapa ndi sopo, ndafinya osapotokola,
ikuuma pa bango ngati kabudula wa khanda.

Anyamata awiri akudutsa ndi njinga za matabwa.
"Mayi, mudzaiphulitsa imeneyo!"
Sindinayankhe, mkamwa munali nati.

Tadziwana, mwana wanga wa Sitandade 5,
ndiye mlembi wa tizitsulo.
Wawerenga kawiri, wandiyang'ana:
"Amayi, kawashala kaja?"
Tagwada. Tapapasa udzu, tafukula matope,
tatembenuza thumba, takutumula chitenje changa.
Kanthu kochepa ngati ndolo,
koma popanda iko injini imadontha usiku wonse.
Dzuwa lafika paliwombo.
Ndapisa dzanja m'beseni la oyilo wakuda mpaka m'mkono,
ndipo ako, kagona pansi phee,
ngati sikakudziwa kanthu.

Ndamanga, osalimbitsa mwaukali;
mazinga akadyeka sabwerera.
Oyilo watsopano akutsika pang'onopang'ono, mtundu wa uchi.
Ndaviika choyezera, ndapukuta, ndaviikanso.
Wafika pa kamzere. Basi.
Kukhuta kwambiri nako n'matenda.

Ndathira madzi m'mimba mwa pampu,
ndatseka choko, ndaponda chitsulo, ndakoka chingwe.
Zii.
Ndakokanso. Yatsokomola, yakhala chete.
Kachitatu phewa lalira.
Mawu a anyamata aja ayamba kundizungulira m'mutu,
mtengo wa kambuzi nawonso.

Tadziwana wangoloza ndi mlomo.
Kampopi ka petulo n'kotseka.
Ndinatseka ndekha, m'mawa, mwanzeru zanga zonse.

Ndatsegula. Ndakoka.
Gu, gu, gududududu!
Utsi pang'ono, kenako mawu oyera,
payipi yagwedezeka, yafufuma, yalavula mpweya,
madzi awo, kukankha zinyalala m'ngalande,
kukhota pa dimba la a Nasimango,
kukafika pa anyezi wanga amene sadziwa za washala.

Ndalemba deti ndi msomali pa chivindikiro cha bokosi,
pansi pa madeti ena atatu.
Zikhadabozi sizitheka, ngakhale ndi phulusa.
Mawa kutchalitchi ndikagwira buku la nyimbo
ndi zala zakuda m'mphepete,
ndipo sindikazibisa.