Mafomu Awiri M'thumba la Ovolosi

Shifiti yanga imatha folo koloko m'bandakucha.
Ndatola matisu, chingamu, sokosi imodzi ya mwana
pansi pa mpando wa pawindo,
ndege ya ku Lagos yayera ngati sinanyamulepo munthu.
Chitseko cha kutsogolo anachisiya pang'ono.
Ndinasuzumira:
mipando iwiri yovekedwa ubweya wa nkhosa,
mabatani mpaka kudenga,
fungo la khofi wa munthu amene pano akuliza mkonono ku hotela.
Sindinakhudze kanthu.
Koma manja, manja ankayabwa.

M'thumba la ovolosi muli mafomu awiri,
afewa ndi kupindidwa ngati ndalama yakale.

Yoyamba ndi ya sukulu youlutsa ndege ku Germiston.
Mtengo wake ndinauwerenga katatu,
maziro andandana ngati matakisi pa renki ya Tembisa.
Ndinawerengetsa ndi malipiro anga:
ndidzakhala ndi imvi ndisanaone mtambo kunsi kwa mapazi.

Yachiwiri ndi ya nsanja ija tsidya la msewu wa ndege,
kumene munthu sauluka, amangolankhula.
Madontho pagalasi, dontho lililonse mitima mazana atatu,
ndipo iwe uli ndi lilime lokha.
Akuti okhoza mayeso ake ndi owerengeka.

Refilwe, mnzanga wa tsache, akuti ndisachite kufunsa.
Wa kapusi ndi mizere paphewa ndiye amajambulidwa,
wa pansanja ndani anamuomberapo m'manja?

Bambo anga anali a malole,
Joni mpaka Mwanza, kudzera Beitbridge ndi Nyamapanda.
Ankadziwa mtengo wa dizilo m'mayiko anayi
koma kalasi yanga ankachita kufunsa.
Akabwera, nyumba inkanunkha msewu ndi malalanje,
ife n'kumawazungulira ngati alendo olemera.
Lachitatu, ulendo.
Ndimawakonda mpaka lero, ndipo chiwongolero chawo chili m'magazi mwanga.

Mayi sanawolokepo Limpopo chifikireni.
Foni yosweka galasi ili pawindo la khitchini,
iwo akusita malaya a eni ake a ku Edenvale:
Bambo a Mwatitha, imani pa Musina mugone.
Musadutse usiku, kwagwa mvula ku Tete.
Ndamva mawu anu, muli ndi tulo, imani.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anawatsitsa bwinobwino
osagwira giya ngakhale kamodzi.
Pamaliro anthu anatama dalaivala.

Mwezi wathawu kunagwa matalala madzulo,
mphezi zikung'amba thambo la Kempton Park ngati chitenje chakutha.
Ndege zisanu ndi ziwiri zinkazungulira kumwamba,
mafuta akutha, ana akulira, wina akupemphera m'chilankhulo chake.
Kenako zinayamba kutsika,
imodzi,
mpata,
ina,
mpata womwewo,
ngati pali wina akuziika patebulo ndi dzanja losanjenjemera.
Dzina lake sindikulidziwa. Mwina anali atavala juzi yobooka pachigongono.

Komabe ndisaname.
Injini zikabangula, chitsulo chonsecho n'kudzuka pansi,
chimene chimanditukula m'mimba si nsanja ayi.
Ndimafuna kuona milu yachikasu ya migodi itachepa ngati zulu za chiswe,
pamene agogo anga aamuna anatsikira pansi ndi nyali pachipumi,
ine ndili pamwamba pake, dzuwa likutulukira m'manja mwanga.

Tsopano ndaima pa Rhodesfield, kuzizira kukuluma makutu.
Takisi ikudikira anthu atatu kuti idzaze.
Kum'mawa nyali zayamba kundandana mlengalenga,
zoyamba za tsikuli.
Ndadzipeza milomo ikuwerenga mipata pakati pawo,
wani, thu, fili,
pamene dzanja lamanja, losauzidwa,
lakoka lamba wa chikwama ngati likukweza mphuno ya ndege.

Bolopeni ndili nayo imodzi.
Tsiku lotseka ndi Lachisanu.
Dalaivala akuliza hutala, akuti mlongo, ukukwera kapena ukutsala?