Kalata ya ku Detiroiti

Inafika pa positi ya Luchenza
chiperoni chitakuta phiri masiku anayi,
envulopu itanyowa pakona.
Ndi Eliroyi, uja ankayendetsa lole ku Bama,
wakuda ngati ine, koma Chingerezi cha m'mphuno.

Akuti kwawo mafakitale a akasinja
tsopano akusula magalimoto.
Akuti wagula firiji pangongole,
mkazi wake wakana kubwerera kukatsuka mbale za azungu,
ndipo mayi ake, kummwera kuja,
anakaima pamzere wovota,
nabwezedwa,
mawa lake nalawiriranso.

Ndinaiwerenga nditatsamira sikelo ya tiyi,
kapitawo Namakhwa akuitana manambala.
Mendulo yanga ili m'chitini cha fodya.
Nsapato za kunkhondo zinapita ndi msonkho.
Pamene pali nyumba yanga ndi pa esiteti,
lendi yake ndi msana wangawu.

Ndimuyankha chiyani?
Kuti tiyi waphukira bwino chaka chino?

Madzulo ndinakapempha pensulo kwa aphunzitsi a Mukhito,
amene amasonkhanitsa anthu Lachitatu kuseri kwa tchalitchi.
Anati, pepala latsala limodzi:
ulembere mnzakoyo,
kapena ulembe dzina lako apa, pansi pa enawa.

Eliroyi ayambe wadikira.