Nambala 17

Julaye wa ku Todmorden, dzuwa lochita kubwereka,
lowala mwamantha ngati mwini wake ali m'njira.
Ndinachokera ku ntchito ya usiku, sopo wosambitsira okalamba
akadanunkha m'zikhadabo,
ndi kulipira mapaundi asanu pageti
kwa mkulu wa ndevu zofiira, yemwe anandipatira kapepala ka mayina.

Chikho cha Edna Sutcliffe.
Chaka ndi chaka, ligi isanayambe,
amaitana anansi a kuseri kwa phiri
kudzalimbirana kambale kasiliva kothyoka khutu limodzi.
Edna sanamenyepo chikopa.
Anagulitsa tiyi pakazenera ako zaka makumi anayi,
ndipo atatsikira kulichete
anthu anasonkha, nagula chikho
kuti dzina lisaolere limodzi ndi mwini.

Dzina.
Chala changa chinatsetsereka pakapepala:
Holroyd, Akhtar, Barraclough, Greenwood awiri.
Pa nambala 17 mwana wanga panalibe.
Panali liwu limodzi lachizungu, lotanthauza woyesedwa.
Ati ndi mwambo wawo: amene sanasaine
amasewera wopanda dzina, kuopa matimu ena angamununkhize.
Ndinaseka ndekha.
Ife tidamutcha Mayeso, mayi ake atabuula masiku atatu ku Gulupu,
osadziwa kuti tikulosera kapepala aka.

Masewera opimana mphamvu, opanda mapointi.
Tchuthi chidakali lende m'mimba za osewera,
majezi atsopano akuthina,
goloboyi akucheza ndi galu wa kuseri kwa ukonde,
kapinga wometedwa mizeremizere ngati mutu wa mkwati.
Kwa onsewo kunali kuwongola miyendo chabe.
Mmodzi yekha pabenchi, womanga ndi kumasula zingwe za nsapato,
ndiye anali pa mlandu.

Anamulowetsa kutatsala theka la ola.
Mpira woyamba unamudutsa kunsi kwa phazi, psiti,
wina kumbuyo kwanga nang'ung'udza.
Ndinaluma mlomo mpaka kulawa mchere.
Wachiwiri anaulandira pachifuwa,
kuutsitsa ngati dzira la eni,
kudyetsa njomba wotchinga kumbuyo wamtali ngati mlongoti,
kusuzumira kamodzi, kupereka.
Mnzake anaumenyetsa mtengo.
Basi.
Zaka khumi ndi zinayi za matope m'bafa,
za mabasi a Loweruka m'chisanu choluma makutu,
za nsapato zogula ndi ovataimu,
zonse zinakwana m'masekondi asanu ndi awiri amenewo.

Zinathera m'mapenate. Alendo anatenga chikho,
nachinyamula ndi khutu lotsalalo,
mdzukulu wa Edna akuwomba m'manja mosakondera.
Mvula inafika kudzalanda dzuwa lake.

Ndikudzuka, wina anandikoka jekete:
mayi wa magalasi okhuthala, pensulo kukhutu,
kabuku konyowa m'ngodya
momwe walembamo masewera onse a pabwaloli
chimwalirire mwamuna wake.
Anati wandiona sindinapume chilowere mnyamatayo.
Anafunsa, ndi wanu? Dzina lake ndani?

Ndinalitchula pang'onopang'ono, ngati ndikuwoloka pa mtengo umodzi.
Anakhwatcha liwu lija, nalemba, nalakwitsa,
nanyambita pensulo, nandiuza ndibwereze.
Ma. Ye. So.
Kenaka analitchula yekha, lilime likupunthwa pakati,
koma linatuluka lamoyo.

Mphunzitsi wa timu anangoti adzaimba foni.
Mawu amenewo timawadziwa,
ndi chitseko chosatseka, chosatsekula.

M'basi yobwerera ku Halifax mwana anagona,
mutu paphewa langa, bondo likuchucha pang'ono,
udzu wa eni utakanirira kusokosi.
Sindinamuuze za mayi uja.
Ndinangopinda kapepala kanayi, kulowetsa m'thumba la pamtima,
ndikuganiza za Edna, amene sanagoletsepo chigoli,
ndi za kabuku konyowa kamene usiku uno
kakuuma pafupi ndi moto m'nyumba ya munthu wosamudziwa,
dzina la mwana wanga lili m'kati.