Galimoto Yoyamwa Khoma

Bwana Muhiwa agula chigalimoto chosatsokomola.
Chimatsika pa Thyolo Boma mwakachetechete ngati mphaka,
otchola tiyi osacheuka, mbuzi osathawa.
Ine dalaivala wawo, amene ndakalambira
pamzere wa petulo ku Luchenza,
chigubu pamiyendo, udzudzu m'makutu.

Andipatsa kope: uzilemba mayunitsi.
Ndalemba. Chikayamwa khoma usiku wonse
chimadya ndalama ya malita ochepa chabe,
n'kukafika ku Limbe, n'kubwerako.
Bwana amasisita chipumi cha galimoto,
ati masamu sanama.

Koma Lachitatu magetsi anathima dzuwa lisanalowe.
Tinadzutsa jenereta,
jenereta inapempha petulo,
ndipo ndinapezeka kwa Likaka uja, pamzere womwewo,
chigubu chomwecho.
Anaseka mpaka kugwetsa paipi.

Izi m'kope sindinalembe.
Sindinalembenso kuti kale thanki ikadzaza
pankatsala kachenji ka sopo wa ana,
bwana n'kunena, sunga.
Khoma silibweza chenji.

Usiku ndimalonda kanyale kobiriwira
kakuphethira m'galaja,
uku mkazi wanga kumalaini
akudula kandulo pawiri
kuti ifike Loweruka.