Chala cha Teófila

Kuno ku Lima dzuwa ndi mlendo wosowa.
Nkhungu imagona pa madenga mpaka masana,
ndiye ine, Teófila Ccahuana, ndinaleka kalekale
kukhulupirira maso okha.
Zaka makumi awiri ndi zisanu pa ngodya yomweyi,
vesiti yobiriwira pachifuwa,
madola kumanzere, masoli kumanja.
Amene anapita kusukulu pa thupi langa lonse
ndi chala chachikuluchi.

Ndalama yeniyeni ili ndi pakamwa.
Ikoke m'mbali uimve: thwa! thwa!
liwu louma la thonje,
osati kunong'ona kwa pepala la m'kope.
Yendetsa chikhadabo pa kolala ya munthu wojambulidwayo,
timizere tikukande ngati lilime la mphaka.
Ipendeke pang'ono:
nambala ya pakona isinthe khungu,
bilimankhwe wa inki.
Ikweze kumwamba, ngakhale kumwamba kotuwa kwathu kuno,
nkhope yachiwiri itulukire m'kati,
yosalembedwa pamwamba, yobadwira m'mimba mwa pepala,
ndi ulusi wotsika nayo ngati msana.

Lachisanu kunabwera mnyamata,
simenti ili mbuu m'nsidze ndi m'makutu.
Nicanor, wa kumapiri a Huancavelica.
Amasunga madola m'sokosi, akuti adzagule njinga yamoto.
Anatambasula mapepala anayi a masoli zana.

Loyamba linalira. Lachiwiri linalira. Lachitatu.
Lachinayi linangoti fwaa,
ngati munthu woyankha mafunso a wapolisi.

Koma ndisaname, inali ntchito ya manja aluso.
Wina kwinakwake anachezera nayo usiku,
nyali pafupi, makatani otseka,
kulowetsa kaulusi ndi singano
pakati pa mapepala awiri omatidwa,
kudontheza guluu pa timizere kuti titumphuke.
Kambalame koyamwa maluwa kanali pomwepo,
nthenga zonse zokwana.
Munthu wa zala zotere
akanasoka mabala a anthu kuchipatala.
Koma bilimankhwe wake anali wakufa.
Ndinapendeka uku, ndinapendeka uko,
iye ali gwa, mtundu umodzi.
Timalemba tating'ono, mazira a nsabwe aja,
tinali titasungunuka kukhala phala.

Ndinati, Mwanawe, ili si lako, si langa, si la banki.
Anati, Kapitawo anandipatsa ndi dzanja lake.
Masiku awiri a njerwa pamutu
anasanduka pepala lokulungira mtedza
pamaso panga.

Ndinaona ganizo likudutsa m'maso mwake.
Ndimalidziwa, linandichezerapo inenso.
Ndalama yabodza ndi khala la moto:
uyu aponyera uyo, uyo aponyera wina,
wa takisi usiku, wa sitolo yopanda magetsi,
mpaka likazimire m'dzanja
la amene alibe womuponyera.

Sindinalalikire. Ulaliki sukhutitsa.
Ndinagwira chala chake chong'aluka ndi laimu,
ndinachiyendetsa pa leniyeni, kenako pa labodza,
pa leniyeni, pa labodza,
mpaka nkhope yake inati, Ohoo.
Ndinati, Loweruka likudzali usalandire ndi manyazi.
Ima pamaso pa kapitawo,
kweza pepala lililonse kumwamba,
anzako aone, iyenso aone kuti ukuona.

Anatenga madola a mapepala atatu.
Lachinayi analipinda kanayi,
n'kuliika m'thumba la kumbuyo, lokhalokha,
n'kutsikira ku msewu wa mabasi
kumene mayi Hermelinda amagulitsa buledi,
maso awo atachita ng'ala onse awiri.

Madzulo nditavula vesiti
ndinadzera komweko, ngakhale si njira yanga.
Ndinagula mabanzi awiri amene sindinkawafuna.
Ndinati, Mayi, tabweretsani chitini chanucho,
ndikuwerengereni za lero.
Anaseka, nandipatsira.
Chala changa chinalowa m'kati
chikunjenjemera.