Piritsi la ulendo wautali

Ndikukuveka malaya, iwe kanthu koyera,
malaya opyapyala kuposa khungu la anyezi.
Ndiwe wachisanu ndi chinayi.
Anzako onse anavula msanga,
anasungunukira m'botolo loyamba
lomwe timayesezera kuti ndi chifu cha munthu,
madzi owawasa, ofunda ngati m'khwapa.

Tamvera.
Ukakwera usatsike pa siteji yoyamba.
Chifu chidzakuitanira ngati anyamata a pa Wenela,
chidzakukoka mkono, kulumbira kuti wafika.
Iwe khala duu.
M'matumbo aang'ono msewu ndi wokhotakhota
ngati wa ku Mbayani mvula itakata,
udzakhutchumuka maola atatu, mwina anayi.
Fumbata katundu wako.
Kumene ndikukutuma ndi kumathero,
ku thumbo lalikulu, komwe kuli zilonda
zomwe munthu sangavulire mnzake kuti aone.

Mng'ono wanga Ndaona amadziwa chimbudzi chilichonse
kuyambira ku Limbe mpaka ku msika wa m'tauni,
cholipira n'chiti, chotseka msanga n'chiti,
ndi mlonda uti amene safunsa mafunso.
Uphunzitsi anausiya ku Zingwangwa.
Ana a Sitandade 4 anayamba kuwerenga mokweza
maulendo ake otuluka m'kalasi.
Mankhwala omwe amamwa amathera m'njira,
amamwazikira m'magazi, kukatupitsa masaya,
bala lili kumusi, likudikira ngati wamasiye pa chipata.

Hafu pasiti thuu magetsi athima.
Chopalasira m'botolo chaima, ine mtima myuu.
A Mkwapatira athamangira ku jenereta
atavala nsapato imodzi,
abwerako akununkha dizilo, akuti
kuona maso a nkhono n'kudekha.
Ndawayankha kuti nkhono ilibe m'bale wodwala.
Sanakwiye. Andipatsira theka la chigumu chawo.

Ola lachiwiri, uli wamphumphu.
Ndakusamutsira m'botolo lachiwiri ndi kapani,
dzanja likunjenjemera.
Ola lachinayi, sunang'aluke.
Kunja ma minibasi akukuwa pa Ginnery Corner,
chifunga chatsika ku Soche, chameza nyali za m'mapiri,
oyeretsa akolopa mozungulira mapazi anga n'kupita.

Botolo lachitatu.
Mphindi khumi, palibe.
Makumi awiri.
Kenaka kamng'alu, kochepa ngati tsitsi,
ndipo utsi wachikasu ukutuluka m'nthiti mwako
pang'onopang'ono, pamalo pake.

Ndalemba nambala m'kope, ndaibwereza.
Ndikudziwa, galasi si munthu.
Kutsogoloku kuli mapiritsi mazana oti ndiyese,
makalata, makomiti, ndalama zomwe tilibe,
zaka zomwe sindifuna kuziwerenga.

Komabe ndamuimbira.
"Lafika?" wafunsa.
"Lafika. M'botolo."
Waseka mpaka kutsokomola,
kenaka akuti, "Tadikira kaye, usadule,"
ndipo ndamva mapazi ake akuthamanga,
chitseko chija chikutsekeka.

Sindinadule.