Mathithi Ali Kuseri kwa Shedi

Ndinatsika basi ya usiku pa Katoto
chifunga chitagwira magetsi pakhosi.
Wa sakramento anaimika njinga: "Mukuya nkhu, amama?"
Ndinati ku mathithi.
Iye anaseka. Mathithi sathawa, anatero,
dikirani dzuwa liyambe lasukusula.
Ndiye ndinati, chabwino, ku Luwinga.

Kumeneko bambo anga anasiyako zala ziwiri
pa sowo yocheka matabwa a ku Chikangawa,
chaka chimene ine ndinkaphunzira kuwerenga
ndi zala zanga zonse khumi.
Ankabwera kwathu ku Ntcheu pa Khirisimasi pokha,
akununkha utomoni wa paini,
utuchi uli m'mapindiro a thalauza.
Za Mzuzu ankatchula ziwiri basi:
kuzizira, ndi belu la sikisi koloko.
Za mathithi sananenepo.

Shedi ija ilipobe.
Malata adachita dzimbiri mpaka kuoneka nyenyezi masana.
Pamene padali makina patsala simenti
ndi mabawuti anayi otuluka ngati mano a nkhalamba.
Akuti Lachisanu madzulo alakatuli amaima pomwepo,
aliyense kusamala kuti asapunthwe.
Sangwani akusema mbalame pa chitsa chimene sowo idakana.
Uchizi, mtsikana wa jekete la abambo,
akusakaniza katondo, makala
ndi oilo wakuda wopempha kwa amakanika.
Khoma lonse la kum'mawa wagwetsapo madzi,
kuchokera kudenga mpaka pansi,
oyera ndi laimu wotsala pa nyumba ya eni.

Koma pakati pa madziwo wasiyapo kadanga,
kukula kwake ngati chikhatho.
Ndinayandikira.
Zolemba ndi msomali: Y. Chipeta, 47.
"Sindipaka pa dzina la munthu amene sindinam'pemphe,"
anatero Uchizi osatembenuka.
Ine sindinamuuze kanthu.
Ndinangofunsa njira.

Anandiperekeza yekha, burashi ili kukhutu.
Tinadutsa m'minda ya khofi, m'nthochi za eni,
potsetsereka pamene dothi lofiira limakuvula nsapato.
Ndinagwa kawiri. Kachiwiri ndinatukwana.
Mnyamata woweta mbuzi anatilipiritsa faifi handiredi
ya mlatho wa mitengo itatu.

Kunena zoona, mathithiwo ndi aang'ono
kuyerekeza ndi a pakhoma.
Koma phokoso!
Limalowa m'mano, limakhala m'chifuwa.
Uchizi anandiuza kanthu, ndinangoona milomo.
Ndinakuwa: "Mwati chiyani?"
Iye anakuwa. Ine ndinakuwanso.
Ndipo mawu amene anatuluka pakamwa panga
anali a bambo anga, ndendende,
aja ankatigwetsa nawo makapu m'manja
pongopempha mchere.

Ife tinkati ndi aukali.
Zaka zonsezi tinkati ndi aukali.
Tinkabisala kuseri kwa nkhokwe akamaitana.
Palibe adatiuza kuti munthu wokhala zaka khumi ndi zinayi
pambali pa sowo
amabwera kumudzi sowoyo ikulirabe m'makutu.

Ndinakhala pa mwala mpaka diresi inanyowa yonse.
Uchizi anapita kukatola dothi lachikasu kumtunda,
mwina dala.

Madzulo ndinagula kachithunzi kakang'ono,
titanenerera mtengo ngati wa tomato.
Utoto unali usanaume.
M'basi, titadutsa Chikangawa, pamene paini adapsa n'kutsala zitsa,
ndinayatsa foni kuti ndione nthawi
n'kupeza laimu woyera pa zala zanga,
cha mkombaphala ndi chapakati.
Mayi wa pambali panga anandipatsa kansalu.
Ndinati yewo,
n'kukasunga m'manja mpaka ku Jenda.